Thanki yabooka pamsoko: chitsulo chilichonse chili ndi asidi wake wochigonjetsa

Mmisiri wina wowotcherera wa pa Kasungu boma watilembera motere: "Chaka chatha gulu la amayi ophika sosi wa tomato ndi tsabola linandipatsa ntchito yopanga thanki ya malita 200. Ndinakagula stainless ku Lilongwe, ndinayesa ndi maginito sanagwire, ndinawotcherera bwinobwino. Pasanathe miyezi 8 thanki yayamba kudontha m'mbali mwa msoko, timabowo tonga tobaya ndi singano. Amayiwo akuti ndinawagulira chitsulo chabodza. Kodi stainless imachitanso dzimbiri? Nanga mafakitale amene amasunga asidi woopsa amagwiritsa ntchito chitsulo chanji? Ndiuzeni dzina lake ndikagule chomwecho, manyazi andichoke."

Achimwene, ndiyambe ndi mawu amene simukuwayembekezera. Chitsulo chimodzi chopirira asidi aliyense kulibe, ngakhale mutakhala ndi ndalama zodzaza ngolo. Golide weniweniyo amasungunuka mukamuika m'madzi osakaniza asidi wa nitric ndi wa hydrochloric. Tantalum, chitsulo chimene mafakitale amachidalira zonse zikakanika, amadyeka ndi asidi wa hydrofluoric. Akatswiri opanga zitsulo akhala pa ntchitoyi zaka zoposa 100, ndipo chimene anapeza ndi banja lalikulu la zitsulo zosakaniza, chilichonse chopangidwira mdani wake. Choncho musanafunse dzina la chitsulo, muyambe mwadziwa dzina la mdani amene ali m'thankimo, mphamvu zake, kutentha kwake, komanso ngati ali ndi mnzake womuthandiza. Mwa inumo mnzakeyo alimo, ndipo ndi iyeyo waboola thanki. Tifika pamenepo.

Poyamba timvetsetse chimene chimateteza stainless. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi kulimba kwake, koma ayi. Stainless ndi chitsulo wamba chomwe athiramo chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100 aliwonse. Chromium ameneyu akakumana ndi mpweya wa okosijeni amapanga kakhungu pamwamba pa chitsulo, kopyapyala kwambiri moti simungakaone ngakhale ndi galasi lokulitsa zinthu. Kakhungu kameneka ndiko kamaima pakati pa chitsulo ndi madzi. Ubwino wake ndi wakuti mukakakanda kamaphukanso kokha, bola pakhale mpweya ndiponso chromium wokwanira pamalopo. Dzimbiri la chitsulo wamba limatumphuka n'kugwa, kenako lina n'kubwera, mpaka lata kutha. Kakhungu ka chromium kamamatirira n'kutseka njira. Moyo wonse wa thanki yanu uli pa kakhungu kameneka, ndipo chilichonse chokasenda mofulumira kuposa m'mene kamaphukira chapha thankiyo.

Munthu amene amatchulidwa kawirikawiri pa kutulukira zimenezi ndi Harry Brearley wa ku Sheffield, ku England. M'chaka cha 1913 iye ankafuna chitsulo choti mipope ya mfuti isamathe msanga, ndipo anapeza kuti chitsulo chokhala ndi chromium pafupifupi magawo 13 sichinkadyeka ndi asidi amene ankagwiritsa ntchito poyeza zitsulo. Anachiyesanso ndi viniga ndi madzi a mandimu, zinthu zomwezi zili m'khitchini mwa amayi anuwo, ndipo chinathera ku mipeni ya patebulo. Nthawi yomweyo ku Germany, ku kampani ya Krupp, Benno Strauss ndi Eduard Maurer anali atalembetsa kale mu 1912 chitsulo cha chromium ndi nickel chomwe anachitcha V2A. Chimenechi ndicho kholo la mtundu wa stainless wa lero wotchedwa 304, wokhala ndi chromium magawo 18 ndi nickel magawo 8. Mafakitale opanga asidi wa nitric anachilandira ndi manja awiri, chifukwa m'mbuyomo ankavutika ndi ziwiya zadothi ndi zagalasi zosachedwa kusweka.

Apa ndi pamene pali chinsinsi chomwe amisiri ambiri sanauzidwe. Asidi sali amtundu umodzi. Ena, monga wa nitric, amabwera ndi okosijeni wawo, ndiye m'malo mosenda kakhungu kaja amakadyetsa, kamanenepa. N'chifukwa chake 304L, yomwe ndi 304 ya kaboni wochepa, imakhala zaka zambiri m'fakitale ya nitric. Ena, monga wa hydrochloric, uja amisiri omanga amatsukira simenti pa matayilosi, komanso wa sulphuric wosungunula ndi madzi, uja wa m'batire la galimoto, amakasenda kakhunguko n'kuyamba kudya nyama ya chitsulo. Mukathira wa hydrochloric mu 304 yonyezimira ija mudzaona ikuda ndi kuchita thovu tsiku lomwelo.

Ndipo pali china chodabwitsa, chimene ine ndinachikana pamene ndinachimva koyamba mpaka nditachiona ndi maso. Asidi wa sulphuric wamphamvu kwambiri, wa magawo 93 mpaka 98, amasungidwa m'mathanki a chitsulo wamba, chomwe chija mumapangira mageti ndi mafelemu a mawindo. Asidiyo amadya pang'ono pamwamba, n'kupanga chikhungu cha iron sulphate chimene chimatseka njira, bola asatenthe ndiponso asathamange kwambiri m'mapaipi n'kuchikokolola. Koma mvula ikalowa m'thanki yomweyo asidi n'kusungunuka, chikhungucho chimachoka ndipo thanki imadyeka mofulumira. Asidi wofooka akuboola pamene wamphamvu analephera! Ndiye mukuona kuti funso lakuti "chitsulo cha asidi n'chiti" silikwanira.

Opanga zitsulo amagwira ntchito ngati mayi wodziwa kuphika, amene amadziwa chomwe chithiro chilichonse chimachita mumphika. Chromium ndi wa asidi odyetsa khungu aja. Nickel amafewetsa chitsulo kuti chipindike ndi kuwotchereka bwino, amachepetsa liwiro la asidi osenda khungu, komanso akachuluka amaletsa chitsulo kung'aluka m'madzi otentha amchere. Molybdenum ndiye msilikali wolimbana ndi mchere ndi timabowo tonga tanuto: mukathira magawo 2 mpaka 3 mu 304 n'kuonjezera nickel pang'ono, mwapeza 316. Kopa amathandiza pa asidi wa sulphuric, n'chifukwa chake Alloy 20, yomwe anaipangira asidi ameneyu, ili ndi nickel pafupifupi magawo 35, chromium 20, kopa 3 mpaka 4, molybdenum 2 mpaka 3 ndi niobium pang'ono. Mbale wake ndi 904L, ya nickel 25, chromium 20, molybdenum woposa 4 ndi kopa pang'ono. Silicon akafika magawo 14.5 m'chitsulo choumba amachipatsa khungu longa galasi lopirira sulphuric ndi nitric wotentha, koma chitsulocho chimasweka ngati mbiya mukachigwetsa, ndipo sichiwotchereka ngati zitsulo zina.

Zikafika pa hydrochloric, makamaka wotentha, chitsulo chenichenicho chimatuluka m'bwalo, nickel n'kutenga malo. Kampani ya Haynes ya ku Kokomo, ku America, inatulutsa banja la Hastelloy. Hastelloy B ndi nickel ndi molybdenum pafupifupi magawo 28, chromium alimo wochepa zedi. Imapirira hydrochloric wowira, koma mukaiika mu nitric, momwe 304 yotchipa ikanakhala mwamtendere, imadyeka msanga. C-276 anaipanga kuti igwire mbali zonse ziwiri, ya molybdenum ndi chromium pafupifupi magawo 16 aliyense ndi tungsten pang'ono. Monel, ya nickel pafupifupi magawo awiri mwa atatu, otsalawo kopa, ndiyo amaidalira pa hydrofluoric, pomwe titanium, ngwazi ya m'madzi a m'nyanja yamchere ndi chlorine wonyowa, amasungunuka. Mitengo ya zitsulo zimenezi imaposa ya 304 kangapo konse, moti nthawi zambiri amapanga thanki ya chitsulo wamba n'kuiyalira m'kati ndi lata lopyapyala la chitsulo chodulacho.

Kapangidwe kake si kolosera. Amasungunula timiphika ting'onoting'ono tosiyana zithiro, n'kudula tizidutswa tonga bokosi la machesi. Kachidutswa kalikonse amakayeza kulemera pa sikelo yomva ngakhale fumbi, amakaviika mu asidi wa mphamvu ndi kutentha kodziwika, pakapita masiku n'kukayezanso. Kulemera komwe kwatayika amakuwerengera kuti adziwe mamilimita angati angadyeke pachaka, ndipo kawirikawiri chitsulo chimatengedwa kuti n'choyenera chikamadyeka osapitirira 0.1 milimita pachaka. Pali mayeso ena ankhanza: kuwiritsa kachidutswa mu nitric wa magawo 65 maulendo asanu, ulendo uliwonse maola 48, kapena kukaviika mu ferric chloride maola 72 kuti aone ngati katuluke timabowo. Wopanga wanzeru amayesanso kachidutswa kowotcherera, chifukwa amadziwa kuti chitsulo chimafera pamsoko. Akamaliza amapachika tizidutswa tina m'kati mwa thanki yeniyeni ya m'fakitale kwa miyezi, poti asidi wa m'fakitale amakhala ndi zinyalala zomwe wa m'chipinda choyezera alibe.

Musaone ngati izi n'za kutali. Thumba la feteleza limene mlimi wa ku Santhe kapena ku Chamama amanyamula panjinga linadutsa m'zitsulo zimenezi. Dziko lapansi limapanga asidi wa sulphuric matani oposa 200 miliyoni pachaka, ndipo woposa theka amapita ku feteleza, kukasungunula miyala ya phosphate. CAN amachokera ku asidi wa nitric. Kuno kwathu, mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009, unamangidwa ndi fakitale yakeyake ya asidi wa sulphuric wosungunulira miyala. Ndipo ku Kanyika m'boma la Mzimba, kufupi ndi kwanuko, pansi pali miyala ya niobium ndi tantalum, zithiro zomwe ndatchulazi. Chromium wambiri wa dziko lapansi amakumbidwa ku South Africa, wina ku Zimbabwe. Zimandiwawa mtima kuti miyala imatuluka m'dera lathu lino, koma mmisiri wa pa Kasungu amagula lata osadziwa n'komwe chimene chili m'kati mwake.

Tibwerere ku thanki yanu. Viniga amene amathira mu sosi ali ndi asidi wa acetic pafupifupi magawo 5, ndipo tomato ndi wowawasa pang'ono chabe. Paokha awiriwa sakanaiboola 304 yabwino. Mdani wanu ndi mchere. Mumchere muli chloride, amene sadya chitsulo chonse mofanana ayi, amafunafuna pamene kakhungu kali kofooka, n'kuboola pamenepo. M'kabowomo mpweya sulowa, ndiye khungu siliphukanso. Madzi a m'menemo amanka nawawasa, chloride wina amakokedwera momwemo, ndipo kabowo kamadzikumba kokha kulowa m'kati. Kutentha ndi kuwawasa kwa viniga kumangowonjezera liwiro. Tengani tochi, mulowetse mutu m'thankimo, mupeze kabowo kamodzi, mukakande ndi singano. Nthawi zambiri mudzamva singano ikugwera m'kaphanga kotakata kuposa pakamwa pake, n'kutuluka ndi tope lofiirira. Kunja kukunyezimira ndithu. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikukayikiranso kutsuka. Afunseni amayiwo modekha, osati mowaimba mlandu, ngati amathira Jik kapena HTH m'thanki n'kusiya usiku wonse kuti iphe tizilombo. Ndinaitanidwapo ku malo ena ophikira zakudya komwe thanki ya 316 yeniyeni, yokhala ndi zikalata zake, inabooka pansi ponse. Titafufuza tinapeza kuti wotsuka, mnyamata wakhama zedi, ankasiyamo madzi a chlorine kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lolemba m'mawa. Timabowo tinandanda ndendende pomwe madzi ankalekezera ndi pansi pomwe ankadikha. Mnyamatayo ankachita zimene ankaganiza kuti ndi ukhondo, panalibe amene anamuuza.

Za maginito, achimwene, akupusitsani ambiri. Maginito amagwira stainless ya 430, yomwe ilibe nickel, ndipo sagwira 304 kapena 316. Koma sagwiranso 201, chitsulo chotchipa chomwe anachotsamo nickel wambiri n'kuikamo manganese. Malata ena otchipitsitsa a banja limeneli ali ndi nickel wongolawitsa, chromium wochepa, kaboni wochuluka. Ndi abwino pa mashelefu ndi zogwirira za masitepe, koma mu sosi wotentha wamchere sakhalitsa. Pamaso 201, 304 ndi 316 n'zofanana ngati mapasa. Opanga zitsulo ali ndi kasamu kosavuta koyerekezera mphamvu yolimbana ndi timabowo: chromium, kuphatikiza molybdenum kuchulukitsa ndi 3.3, kuphatikiza nitrogen kuchulukitsa ndi 16. Pa 304 mumapeza cha m'ma 18 kapena 19, pa 316 cha m'ma 24, pa mtundu wina wa stainless wotchedwa duplex 2205 cha m'ma 35. Zoyenera madzi a m'nyanja yamchere zimayambira pa 40. Sindinganene kuti munagulitsidwa 201 ndisanaone latalo, koma kubooka pa miyezi 8 kukundipangitsa kuganiza choncho.

Nanga bwanji timabowo tatsata msoko? Pali zifukwa zingapo, ndipo zonse zili m'manja mwa mmisiri. Mukawotcherera, m'mbali mwa msoko mumatsala mitundu ija, yachikasu, yofiirira, yabuluu, mpaka yakuda. Ena amainyadira kuti ndi chizindikiro cha dzanja labwino. Mitunduyo ndi khungu lopsa, losatseka bwino, ndipo pansi pake chromium wachepa chifukwa wakokedwera pamwamba. Kuseri kwa msoko, m'kati mwa thanki, mukapanda kutchinga ndi mpweya wa argon, kumatuluka makwinya akuda onga shuga wopserera, momwe sosi amabisala ngakhale mutatsuka chotani. Chachiwiri ndi kaboni. Chitsulo chikakhala nthawi pa kutentha kwa pakati pa madigiri 450 ndi 850, kaboni amagwira chromium n'kumumanga m'malire a timbewu ta chitsulo, malo oyandikana nawo n'kutsala amaliseche. Vutoli linasautsa mafakitale a mankhwala zaka zambiri. Anayamba kulithetsa pothira titanium, ndiyo 321, kapena niobium, ndiyo 347, kuti kaboni agwire amenewo asiye chromium. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera njira youzira argon ndi okosijeni m'chitsulo chosungunuka, yomwe inatchipitsa kuchotsa kaboni. Chilembo L pa 304L ndi 316L chikutanthauza zimenezo, kaboni wosapitirira 0.03 pa 100. Chachitatu ndi chimene ndimachiona m'mashedi ambiri a m'mbali mwa msewu: disiki ya galayinda yomwe m'mawa inadula engo ya geti, masana ikusalaza msoko wa stainless. Tizitsulo ta geti timakhomerera pamwamba, timachita dzimbiri, ndipo pansi pa kadontho kalikonse ka dzimbiri pamayambira bowo. Burashi ya waya wamba imachitanso chimodzimodzi. Za rodi sindifuna kukayika, koma ngati munagwiritsa ntchito ya chitsulo wamba, kapena rodi zinatha pakati mukamalizira ndi ina, msokowo sunali stainless chiyambire.

Tsono pa ntchito yanu Hastelloy simukuifuna, kungakhale kugula thirakitala yolimira dimba la mpiru. Gulani 316L, ndipo musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Lata lenileni limabwera ndi zolemba pamwamba pake, nambala ya mtundu ndi nambala ya mphika umene linasungunulidwira, ndipo wogulitsa wodalirika amakhala ndi chikalata cha ku fakitale chosonyeza zithiro zake, cha nambala yofanana ndi ya palatapo. Yang'anani mzere wa molybdenum, usatsike pa 2. Kulinso timadzi toyezera molybdenum, mumadontheza pa lata n'kuona ngati mtundu usintha. Akakana kukuonetsani chikalata, tulukani. Safunsa anadya phula.

Rodi ikhale 316L. Ngati mungapeze makina a TIG, aja owotcherera motchinga ndi mpweya wa argon, ngakhale obwereka, ndi abwino koposa pa lata lopyapyala, ndipo muuzire argon kuseri kwa msoko. Moto ukhale wochepa, dzanja lifulumire, musiye pazizire musanabwerezepo. Malata akumane mlomo ndi mlomo, osasanjikiza lina pamwamba pa linzake m'kati mwa thanki, chifukwa mpata wapakatipo ndi nyumba ya mchere. Pansi papendekere ku pompi kuti madzi asatsale ngakhale kapu imodzi. Disiki, burashi ndi sandipepa zikhale zake zokha za stainless, muzisunge m'thumba lapadera. Mukamaliza, salazani mitundu yonse ija mpaka chitsulo chiyere, kenako tsukani ndi madzi ofunda a citric acid, ufa uja ophika makeke ndi opanga juwisi amagula, muchapemo ndi madzi oyera, musiye iume pamphepo tsiku limodzi kapena awiri khungu liphuke. Pali phala lotsukira misoko lomwe amagulitsa, limagwira ntchito bwino kwambiri, koma muli nitric ndi hydrofluoric. Wachiwiriyu amalowa pakhungu mwina osawawa poyamba, n'kukafika ku fupa, ndipo amapha. Ngati mulibe magolovesi oyenera, chotchinga kumaso ndi munthu wokuphunzitsani, lisiyeni.

Ndinene mosabisa kuti ngakhale 316L ili ndi malire ake. Sosi wotentha wamchere wambiri akamagona m'thanki masiku, idzabookabe, kungoti mochedwa. Mafakitale akuluakulu a sosi amakwera mpaka pa duplex kapena 904L pa chifukwa chomwechi. Kwa gulu la amayi njira yotchipa ndi kusintha kagwiritsidwe: aphike, mchere ndi viniga athire chakumapeto, akhuthule tsiku lomwelo, atsuke ndi sopo, achape, aumitse. Zosunga nthawi yaitali zikazizira zipite m'madiramu apulasitiki a HDPE opangidwira zakudya, omwe mchere ndi viniga siziwachita kanthu, osati omwe munali mankhwala a fodya kapena mafuta. Jik akagwiritsa ntchito akhale wosungunula, wozizira, wa mphindi zochepa, n'kuchapa bwino. Asadzayerekeze kumusakaniza ndi viniga kapena asidi wina aliyense, chifukwa amatulutsa mpweya wa chlorine wopsereza mapapo. Asidi wotsukira matayilosi asayandikire thankiyo. Ndipo poti thanki yawonongeka asathawire ku ndowa za malata opaka zinki, zinki amasungunukira m'zakudya zowawasa n'kudwalitsa anthu m'mimba.

Thanki yomwe ilipoyo musaimate ndi sodala wa mtovu kapena guluu, muli chakudya cha anthu. Ngati timabowo tili pamsoko pokha ndipo lata lapezeka kuti ndi 304, mutha kudula kachigawo konseko, kuikapo chigamba chatsopano, kusalaza ndi kutsuka monga ndafotokozera, n'kuisiyira ntchito yopanda mchere monga kutsukira tomato kapena kusungira madzi. Ngati ndi 201, kuwotcherera pabowo n'kutaya rodi, lidzatulukira pena mwezi wamawa.

Kwa amayiwo pitani ndi tochi ndi singano ija, muwaonetse kaphangako ndi maso awo. Muwauze mbali yomwe ili yanu, kaya ndi lata losafunsa chikalata kapena msoko wosatsuka, ndipo muwafunse amathira mchere wochuluka bwanji pa mphika umodzi, sosi amagonamo masiku angati, amatsukira chiyani. Mayankho amenewo, pamodzi ndi zimene zalembedwa pa chidutswa cha lata chomwe chinatsala ku shedi kwanu, mundilembere nazo. Tidzawerengera limodzi makulidwe a lata la thanki yachiwiri musanapitenso ku Lilongwe.